ZOMERA ZOKHALITSA ZOYENERA KUKHALA PAMODZI NDI ANYEZI M'DIMBA

Alimi inu a ku Kacholola ndi midzi yonse ya m'mbali mwa mseu waukuru wocokera ku mlatho wa Luangwa kufikira ku Nyimba ndi Petauke, mudziwa kuti anyezi ndi adyo ndizo mbeu za m'dimba zimene sizifulumira kuonongeka, ndipo zikhoza kudikira wogula kwa miyezi. Koma madimba ambiri apatsa anyezi wamng'ono ngakhale mwini wace athirira mokhulupirika. Kawirikawiri colakwa siciri m'mbeu kapena m'nthaka, koma m'zomera zokhalitsa zimene zinabzalidwa pafupi ndi mabedi.

Anyezi ndi mlendo wa miyezi yowerengeka. Mufesa m'March kapena m'April, muokera patapita masabata 6 kufikira 8, ndipo mukolola dzuwa la October lisanafike poipa. Koma nthoci, mtengo kapena tsinde la udzu zikhala pamalo amodzi zaka zambiri. Mukalakwa pozibzala, mudzalipira colakwaco caka ndi caka. Cifukwa cace musanabzale comera cokhalitsa ciriconse, mucifunse mafunso atatu.

FUNSO LOYAMBA: MTHUNZI WACE UDZAGWA KUTI?

Anyezi afuna dzuwa tsiku lonse. Akakhala mumthunzi acita masamba aatali ndi khosi lalikuru, koma mutu wace ukhala wocepa. Tsono yang'anani kumwamba m'mwezi wa June: mudzaona kuti dzuwa lapendekera kumpoto, ndipo mithunzi yonse igwera kumwera. Kwanu kuno mtengo wotalika mamita 5 uponya mthunzi wa pafupifupi mamita 4 masana eni-eni a mwezi umenewo, ndipo m'mawa ndi madzulo mthunziwo utalika koposa.

Motero zomera zazitali zikhale kumwera kwa dimba, kuti mthunzi wace ugwe kunja kwa mpanda. Pamenepo zigwiranso nchito ina, pakuti mphepo ya mwera imene iumitsa mabedi m'nyengo yozizira icokera mbali yomweyo. Kumpoto kukhale zomera zazifupi zokha.

FUNSO LACIWIRI: MIZU YACE IPITA KUTI?

Mizu ya anyezi ndi yocepa ndiponso yaifupi. Yambiri siipitirira masentimita 30 pansi. Siikhoza kulimbana ndi mizu ya mtengo imene iyenda cam'mbali kufuna cinyezi. Bedi lothiriridwa m'cirimwe liri ngati citsime kwa mizu yotere, ndipo idzafikako ndithu. Sankhani zomera zimene mizu yace ilunjika pansi.

FUNSO LACITATU: CIFUNA MADZI LITI?

Makosi a anyezi akayamba kugwa, muyenera kuleka kuthirira kwa masabata awiri kuti mitu iume bwino ndi kusungika. Imeneyi ndiyo nthawi imene nthoci zimva ludzu koposa. Zikakhala pa ngalande imodzi, mudzakakamizika kusankha: kubvunditsa anyezi kapena kufotetsa nthoci.

ZOMERA ZIMENE ZIYANKHA BWINO

1. Udzu wa vetiva. Mizu yace itsika molunjika mamita 2 kapena kuposa, ndipo tsinde lace silithamangira m'mabedi. Dziko la Kacholola ndi lamapiri, ndipo madimba ambiri ali m'mbali mwa timitsinje momwe madzi a mvula akokolola nthaka. Bzalani vetiva mumzere wopingasa kutsetsereka, kumtunda kwa mabedi, kusiya mpata wa masentimita 10 kufikira 15 pakati pa mbeu. Muziusenga kufikira m'maondo, ndipo udzu wosengedwawo muyale pakati pa mizere ya anyezi kuti cinyezi cisathawe. Koma musakwirire mitu.

2. Nyamundolo, amene ena amati nandolo. Akhala zaka zitatu kapena kuposa, muzu wace upita pansi kwambiri, ndipo monga nyemba zonse aonjeza cakudya m'nthaka. Mzere wace ukhale kumwera, mapazi awiri kapena atatu kucokera pa bedi lotsiriza. Apatsa ndiwo pa nthawi imene ndiwo zisowa.

3. Gliricidia. Mtengo uwu unacokera ku Central America. Unayesedwa pa malo a kafukufuku a Msekera pafupi ndi Chipata, ndipo bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003, laufalitsa kwambiri pakati pa alimi a cigwa ca Luangwa. Phindu lace liri m'masamba. Musaulole kutalika: muziudula msinkhu wa m'maondo, ndi kukwirira masamba ace m'bedi masabata angapo musanaokere. Musaonjezenso masamba kapena manyowa pamene mitu yayamba kukula, pakuti cakudya cocuruka pa nthawi imeneyo cikulitsa khosi, ndipo anyezi wa khosi lalikuru abvunda msanga.

4. Cammwamba. Masamba ace ndi ndiwo yopatsa thanzi, ndipo mthunzi wace ndi wopyapyala. Ayenera pa ngondya za kumwera, ndipo muzimdula nsonga kuti dzanja lizifikira masamba.

NANGA NTHOCI?

Palibe angauze mlimi wa boma la Nyimba kuti aleke nthoci, pakuti ali yense wopita pa mseu uno adziwa nthoci za kwanu. Koma zipatseni malo aceace: kumunsi kwa dimba kumene cinyezi cikhalitsa, mbali ya kumwera, mapazi asanu kapena kuposa kucokera pa anyezi. Pansi pa nthoci musataye mbeu ya anyezi. Ikanipo koko, amene akonda cinyezi ndipo apirira mthunzi. Pamenepo malowo sadzakhala cabe.

ZOMERA ZOYENERA KUZIPEWA

Bulugamu, mango ndi nsungwi zikhale kutali ndi mabedi, pakuti zimwa madzi ambiri ndi kucititsa mthunzi wandiweyani. Nsenjere ndi yabwino kwa ng'ombe, koma ifalikira ndi kulanda cinyezi.

Cenjerani ndi msangu. M'munda wa cimanga mtengo uwu ndi bwenzi lalikuru, cifukwa uyoyola masamba m'dzinja ndi kusiyira cimanga dzuwa ndi manyowa. Koma mvula ikatha uphukanso, ndipo ukhala ndi masamba miyezi yonse imene anyezi ali m'bedi. Malo ace ndi kumunda, osati kudimba.

Cenjeraninso ndi anyezi wamasamba, uja wosacita mutu amene mumagawa tsinde lace. Iye ndi mbale wa anyezi, ndipo asunga matenda ndi tizirombo tating'ono toyamwa masamba, tochedwa thrips, timene ticuruka kukayamba kutentha ndi kusiya masamba ali mbuu. Ngati mumfuna, akhale pafupi ndi nyumba, kutali ndi nazale.

Kapinga ndi dawe nazonso ndi zokhalitsa, ngakhale palibe azibzala. Zikumbeni ndi mizu yomwe musanakonze mabedi.

KONZANI DIMBA LANU MOTERE

Zokhalitsa zikhale m'malire. Pakati pakhale poyera. Gawani malo a pakatiwo zigawo zitatu kapena zinai, ndipo anyezi ndi adyo azisuntha caka ndi caka, osabwerera pa cigawo cimodzi zisanathe zaka zitatu, kuti matenda a m'nthaka asacuruke. M'zigawo zina muike kabici, repu, matimati kapena cimanga caciwisi.

Nthawi yobzala zokhalitsa ndiyo December ndi January, pamene mvula yakhazikika, kuti zigwire popanda kuthirira. Koma nthawi yosankha malo ace ndiyo June ndi July. Pitani kudimba m'mawa, masana ndi madzulo, muone pamene mithunzi igwera, ndipo mukhome zikhomo pamalo pamene mudzabzala.

Ngati mufuna mbeu ya vetiva kapena ya Gliricidia, kapena thandizo poyesa mzere wopingasa kutsetsereka, kaonaneni ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu. Akuru anati safunsa anadya phula.