Kuyala njerwa pansi: mankhwala a matope a pakhomo

Mvula ikagwa ku Chowe, madzi otsika m'mapiri sachedwa kusandutsa bwalo kukhala thope lokhalokha. Woyenda pamsewu wochoka ku Mangochi boma kukwera ku Namwera amadziwa kutsetsereka kwa malowa. Ukangosiya phula, tinjira tolowera kunyumba, kumzikiti kapena kusukulu timakokoloka chaka ndi chaka. Simenti ndi yodula, koma njerwa zootcha zimapezeka pafupifupi m'mudzi uliwonse.

Njerwa yopsa bwino imakhalitsa. Chipilala cha wotchi chomwe chili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, chomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, chidakali chiimire.

Komabe njerwa yapansi imazunzika kuposa yapakhoma, chifukwa imapondedwa komanso kugona m'madzi. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayamba ndi kusankha. Amagundanitsa njerwa ziwiri n'kutchera khutu: zikalira kuti ngwee, zapsa; zikangoti phuu, n'zosapsa ndipo zidzafumbutuka dzinja lomwelo. Zabwino ndi zoderako zija, zochokera pafupi ndi makomo a moto mu uvuni. Zakunja kwa uvuni n'zosayenera.

Kenako amakumba podutsa njira masentimita 15 mpaka 20, kuchotsa mizu ndi dothi lofewa, kuthira miyala ing'onoing'ono n'kusinja mpaka pagwire. Pamwamba pake amasalaza mchenga wa masentimita 3 mpaka 5. Njirayo ipendekeke pang'ono, masentimita 2 pa mita iliyonse, kuti madzi azithawa nyumba. M'mbali amamangamo mzere wa njerwa ndi simenti. Popanda mzerewu zonse zimamwazikana.

Podutsa anthu okha, njerwa zimagonekedwa chafufumimba, pafupifupi 40 pa sikweya mita. Podutsa galimoto zimaikidwa cham'mbali, pafupifupi 60, molukana ngati minga ya chambo kuti matayala asazikankhe. Pomaliza amasesera mchenga wouma m'mipata. Njerwa ina ikadzasweka, amangoizula n'kuikapo inzake.

Vuto lagona pa nkhuni. Uvuni umodzi umadya mitengo ikuluikulu, ndipo nkhalango za Namizimu ndi Mangochi zikuchepa kale. Mu 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda, ndipo bungwe la National Construction Industry Council ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira malamulowo. Motero sukulu kapena malo ogona alendo kunyanja ayenera kuyala timabuloko ta simenti.

Pakhomo pa munthu wamba palibe chifukwa choyatsira uvuni watsopano. Njerwa zotsala pomanga, zibenthu zomwe amisiri adakana, ngakhale za nyumba yakale yogumulidwa, n'zokwanira kanjira kochoka pakhonde kukafika kukhitchini ndi kubafa. Yambani ntchitoyi m'chilimwe nthaka ili youma, kuti mvula ya Novembala idzapeze njira itakhazikika.