Mwana Akapita ku Lisbon Kukaphunzira Chipwitikizi

Amayi anzanga a m'midzi ndi m'matauni momwe, ambiri a ife timayankhula Chipwitikizi tsiku ndi tsiku koma osadziwa. Mukamuuza mwana kuti avale nsapato ndi chipewa, kapena kuti atsegule zenera, ndiye kuti mwatchula mawu amene makolo athu anabwereka kwa Apwitikizi kalekale. Lero chiyankhulochi ndicho cha boma ku Mozambique, kumene kuli madoko a Beira ndi Nacala, podzera katundu wathu wambiri, ndiponso ndi chimodzi mwa ziyankhulo zogwirira ntchito m'bungwe la SADC. Mwana wochidziwa angathe kupeza ntchito yotanthauzira kapena ya zamalonda, ndipo n'chifukwa chake mabanja ena amadzimana kuti atumize mwana wao kusukulu ya ziyankhulo kunja.

Malo amodzi otchuka ndi Lisbon, likulu la dziko la Portugal, mzinda umene uli pamene mtsinje wa Tejo umathira m'nyanja yamchere ya Atlantic. Wophunzira akafika amayamba wayesedwa kuti aphunzitsi adziwe kalasi yomuyenera, pakuti maphunzirowa ali ndi makwerero 6, kuyambira A1 wa ongoyamba kumene kufikira C2 wa akatswiri. M'masukulu ambiri amaphunzira mmawa, maola atatu kapena anayi, Lolemba mpaka Lachisanu. Wofuna satifiketi yodziwika amalemba mayeso a bungwe la CAPLE, la pa yunivesite ya Lisbon, monga CIPLE pa A2 ndi DIPLE pa B2.

Banja liyambe laganiza kumene mwanayo adzagwiritsire ntchito chiyankhulocho, chifukwa Chipwitikizi cha ku Portugal ndi cha ku Brazil zimasiyana katchulidwe ndi mawu ena. Chakudya cha mmawa ku Lisbon amati pequeno-almoço, ku Brazil café da manhã, pamene ku Mozambique amati mata-bicho. Masukulu a ku Mozambique amatsata kwambiri malamulo a Chipwitikizi cha ku Portugal, chotero mwana wofuna kudzagwira ntchito ku Tete kapena ku Beira sangasokere pophunzira ku Lisbon.

Tsono nkhani yaikulu, amayi, ili pa maola amene mwana sali m'kalasi. Ku Lisbon kumafika alendo ochuluka, ndipo achinyamata ambiri a kumeneko amadziwa Chingerezi. Mwana amene akugona m'nyumba imodzi ndi ophunzira anzake a maiko ena angathe kutha miyezi itatu akungoyankhula Chingerezi, nabwerera kwao ndi moni yekha, ndalama za banja zitapita pachabe. Choncho sukulu ikakupatsani mwayi wosankha pogona, sankhani kuti akakhale pabanja la Apwitikizi.

Tonse tikudziwa kuti mkamwini kapena mtengwa wochokera kutali amaphunzira chiyankhulo cha kwao kwa mnzake pamtondo ndi pamaliro, osati m'buku ayi. Ndi mmenenso zilili kumeneko. Mtsikana amene athandiza mayi wa panyumba kudula masamba a couve mopyapyala, ophikira msuzi wa caldo verde, kapena kuviika m'madzi nsomba youma yamchere yotchedwa bacalhau, amamva mawu omwewo kawirikawiri kufikira atakhazikika m'mutu. Kumsika amaphunzira kuwerenga ndalama za euro ndi kufunsa mtengo. Patebulo ndi pamene adzawongoleredwe kuti mkazi pothokoza amati obrigada, pamene mwamuna amati obrigado. Masiku oyamba khutu lidzavutika, popeza anthu a ku Lisbon amameza zilembo zina poyankhula, koma muuzeni asachite manyazi kupempha kuti abwereze. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ntchito yathu ife amayi iyambe mwana asananyamuke. Mmalawi amafunika viza kuti alowe m'dziko la Portugal, ndipo yachidule simapitirira masiku 90. Maphunziro otalika amafuna viza ya mtundu wina. Musatumize ndalama musanalandire kalata yofotokoza bwino chiwerengero cha maola, mtengo wa pogona ndi chakudya, ndi mmene angakubwezereni ndalama viza ikakanidwa. Kumbukiraninso kuti nyengo ya kumeneko ndi yosemphana ndi yathu: kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumazizira ndiponso kumagwa mvula, choncho m'chikwama musasowe juzi ndi jekete.

Pomaliza, mwana akafika kumeneko musamusunge pa lamya madzulo onse chifukwa cha kumusowa. Pangananitu tsiku limodzi pasabata locheza, ndipo masiku enawo mumleke akhale pamodzi ndi eni nyumba. Mukamuimbira Lamulungu, mufunseni kuti wadya chiyani ndipo wadya ndi yani, akuyankheni m'Chipwitikizi. Ngakhale inu simudzamva zonse, liwu lake lidzakuuzani ngati thukuta la banja likubala zipatso.