Kuika zipangizo zatsopano zoziziritsa injini pa galimoto yakale

Mwezi wa Okutobala ukafika, pamene kutentha m'cigwa ca Luangwa kumapitirira madigiri 40, si cacilendo kuona galimoto yakale itaima m'mbali mwa msewu wa Great East Road, boneti ili m'mwamba, nthunzi ikufuka. Pakati pa magalimoto otere pamapezeka Land Rover ya mtundu wa Series III, imene inapangidwa kucokera mu 1971 mpaka mu 1985. Ma Land Rover ena anali kulumikizidwa m'dziko muno ndi kampani ya Rover Zambia mu mzinda wa Ndola. Ngakhale yomaliza kupangidwa mwa magalimoto amenewa yakwanitsa kale zaka 40, ndipo eni ake ambiri tsopano amagula masipeya opangidwa ndi makampani ena m'malo mwa aja amene galimotoyo inabwera nawo.

Masipeya otere angathe kutalikitsa moyo wa injini, koma angathenso kuiwononga ngati aikidwa mosalingalira bwino.

Nchito yoziziritsa injini imayenda motere: pampu imakankha madzi kuti azungulire m'kati mwa injini ndi kutenga kutentha, madziwo napita ku rediyeta kumene mphepo imawaziziritsa, ndipo kacipangizo kochedwa thermostat kamatsegula njira ya ku rediyeta pokhapokha injini ikafika pa kutentha koyenera. Cimodzi mwa zimenezi cikafooka, zonse zimavutika.

Cifukwa cace, amakanika odziwa nchito yawo amayamba afufuza gwero la vuto asanatume munthu kukagula ciliconse. Injini imatha kutentha cifukwa ca lamba wa fani wolefuka, timing yolakwika, gasket ya kumutu kwa injini yopsa, kapena mabuleki ogwira. Nthawi zina geji ndiyo imanama. Palinso vuto lina limene anthu a mu Lusaka amalidziwa bwino: mzindawu unamangidwa pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime zace amasiya zoyera zolimba m'ketulo. Zimene zimacitika m'ketulo ndizo zimacitikanso m'timapaipi ta rediyeta ndi m'njira za madzi za m'injini. Munthu amene waika rediyeta yatsopano osayamba watsuka injini yace amangotumiza dzimbiri ndi matope a zaka zambiri kukatseka cinthu cimene wangocigula kumene.

Pa rediyeta yeniyeniyo ndi pamene pali nkhani yaikulu. Magalimoto akale anali kubwera ndi rediyeta ya mkuwa yolumikizidwa ndi mtovu. Zimene zaculuka pamsika masiku ano ndi za aluminiyamu. Mkuwa pawokha umatulutsa kutentha bwino kuposa aluminiyamu, koma rediyeta ya aluminiyamu kawirikawiri imakhala ndi timapaipi totambalala kwambiri, motero mizere iwiri ya timapaipi tace ingathe kugwira nchito yofanana ndi mizere itatu kapena inayi ya rediyeta yakale. Ndi yopepukanso.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene wogulitsa sangazichule. Coyamba, injini ya Land Rover ya malita 2.25 ndi ya citsulo, ndipo citsulo ndi aluminiyamu zikalumikizidwa ndi madzi wamba, aluminiyamu ndiyo imayamba kudyeka. Kudyekako kumafulumira ngati waya wa earth wa injini ndi wosagwira bwino, pakuti magetsi amafuna njira ina yodzera ndipo amadzera m'madziwo. Caciwiri, rediyeta ya mkuwa ikabooka, wokonza marediyeta wa pamsika ku Nyimba kapena ku Petauke angathe kuimata ndi mtovu, ulendo n'kupitirira. Ya aluminiyamu imafuna makina apadera owocherera amene sapezeka paliponse. Kwa mlimi amene galimoto yace imayenda m'misewu ya mabampu kutali ndi tauni, kupereka rediyeta yakale kuti aikemo timapaipi tatsopano ta mkuwa kungakhale kwanzeru kuposa kugula yonyezimira ya m'sitolo. Amene wasankha ya aluminiyamu ayenera kuikhazika pa timphira, cifukwa ikamangidwa molimba ku citsulo ca galimoto imang'ambika m'molumikizira.

Civindikiro ca rediyeta ndi kanthu kocepa kamene anthu amakapeputsa. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo pamalo okwera cotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Civindikiro cimasunga puresha m'kati, ndipo psi iliyonse imakweza mlingo wowirira madzi ndi digiri imodzi ndi theka, kapena kufupi ndi pamenepo. Civindikiro ca Series III ndi ca psi 9 kapena 10, cimene cimacititsa kuti madzi asawire mpaka atapitirira madigiri 110. Ena poona zimenezi amaika civindikiro ca galimoto yamakono ca psi 15 kapena 16, poganiza kuti awonjezera citetezo. Cimene cimatsatira ndi kuphulika kwa mapaipi a mphira okalamba ndi kudontha kwa m'molumikizira mwa rediyeta yakale. Kutalika kwa khosi la rediyeta nakonso kumasiyana. Civindikiro cacifupi pa khosi lalitali cimatseka pamwamba pokha koma sicisunga puresha iliyonse.

Cizolowezi cocotsa thermostat n'kuitaya ndi cofala m'magaraji ambiri, ndipo amene amacita zimenezi amati dziko lino ndi lotentha kale. Maganizo amenewa ndi olakwika. Injini yopanda thermostat imacedwa kufika pa kutentha kwace koyenera, makamaka m'mawa wa mwezi wa Juni ndi Julayi, motero imadya mafuta ambiri ndiponso imatha msanga. Ma Land Rover a mtunduwu ali ndi thermostat ya madigiri 74 ndi ina ya madigiri 82, ndipo ya 74 ndiyo imakondedwa m'maiko otentha. Yatsopano ingayesedwe isanaikidwe poimiza m'mphika wa madzi amene ali pamoto ndi kuona ngati ikutseguka madziwo asanawire.

Fani ya magetsi imathandiza kwambiri galimoto ikakhala pamzere wa m'tauni, pamene fani yoyendera lamba imazungulira pang'onopang'ono. Ili ndi ubwino winanso kwa oyenda m'cigwa nthawi ya dzinja: ingathe kuzimitsidwa powoloka mtsinje, kuti isamwaze madzi pa mawaya kapena kupindikira mu rediyeta. Koma fani yotere imakoka magetsi ambiri, nthawi zambiri ma amp 10 mpaka 20. Series III inabwera ndi alternator, pamene ma Land Rover ambiri a m'mbuyo mwace anali ndi dynamo imene imapereka ma amp pafupifupi 22 okha. Usiku, nyali zili zoyaka, batire la galimoto yotere lingathe kutheratu pamsewu. Fani iyenera kudzera pa relay ndi fyuzi yaceyace. Eni a magalimoto opangidwa caka ca 1967 cisanafike ayenera kuonanso mbali ya batire imene yalumikizidwa ku citsulo ca galimoto, popeza ambiri a nthawi imeneyo anali a positive earth. Mawaya akasinthanitsidwa, fani imazungulira cobwerera ndi kulimbana ndi mphepo yocokera kutsogolo.

Za mankhwala othira m'madzi, mwini galimoto asadalire mtundu wa maonekedwe okha, koma awerenge zolembedwa pa botolo. Mankhwala amakono a mtundu wa OAT anapangidwira injini zatsopano ndipo sateteza bwino mkuwa ndi mtovu. Rediyeta yakale imafuna a mtundu wa IAT, osinthidwa pakapita zaka ziwiri zilizonse, ndi osakanizidwa ndi madzi osungunulidwa onga aja othira m'batire, osati a pacitsime. Ngakhale kuno madzi saundana m'injini, mankhwalawa ndi ofunika cifukwa ndiwo amaletsa dzimbiri.

Mankhwala ambiri otere ali ndi ethylene glycol, amene amatsekemera pakamwa koma ndi poizoni wowononga impso. Otsala ndiponso ocotsedwa m'injini asasungidwe m'mabotolo a zakumwa kapena kutayidwa pabwalo pamene ana, agalu ndi nkhuku zingafike.

Nchito yonse ikatha, injini ilizidwe civindikiro cili cocotsa kucokera pamene ili yozizira, kuti mpweya wotsekeredwa m'kati utuluke, kenako madzi awonjezedwe ndi kutseka. Pambuyo pa ulendo woyamba mabande a mapaipi amangidwenso, cifukwa mphira watsopano amafwefwa akatenthedwa. Ngati geji yakwera pa zitunda za kuseri kwa mlatho wa Luangwa, woyendetsa aime pamalo abwino ndi kudikira kufikira injini itazizirira asanakhudze civindikiro, pakuti madzi a m'kati amakhala atapitirira mlingo wowirira ndipo amatumphuka nthawi yomweyo puresha ikangocoka.