Vinyo wa ku Coulée de Serrant: ndowe m'nyanga, kavalo m'mizere

Pamtunda wotsetsereka moyang'anizana ndi mtsinje wa Loire, kufupi ndi mzinda wa Angers ku France, pali munda wa mphesa wa mahekitala 7 okha wotchedwa Coulée de Serrant. Amonke ndiwo anadzala mipesa yoyamba pamenepa mu 1130. Lero pamalimidwa mphesa za mtundu wa Chenin blanc, ndipo vinyo wake woyera amatchuka kutali.

Mwini mundawu, Nicolas Joly, ankagwira ntchito kubanki ya J.P. Morgan asanabwerere kumunda wa makolo ake mu 1977. Poyamba ankapopera mankhwala ophera udzu monga ankachitira anzake onse. Iye amati posakhalitsa dothi linasintha mtundu, tizilombo tothandiza tinasowa, nkhwali nazo zinathawa. Atawerenga za ulimi wa biodynamic anayamba kuuyesa, ndipo pofika 1984 munda wonse unali utaleka feteleza ndi mankhwala a m'fakitale.

Ulimiwu unachokera m'maphunziro asanu ndi atatu amene Rudolf Steiner anapereka kwa alimi ku Koberwitz mu 1924. Mfundo yake ndi yakuti famu izidzidyetsa yokha: ziweto zipereke manyowa, manyowa adyetse nthaka, nthaka idyetse mbewu. Kwa a Joly kuli ng'ombe ndi nkhosa, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri pulawo imakokedwa ndi kavalo.

Chimene chimadabwitsa alendo ndi nyanga. Nyengo yozizira ikamayandikira, alimi amatenga ndowe ya ng'ombe, n'kuipakira m'nyanga ya ng'ombe yaikazi, n'kukwirira pansi. Chisanu chikatha amafukula. Ndowe ija imakhala itada bii, fungo litatha. Amatapako pang'ono, pafupifupi magalamu 100 pa hekitala, n'kutakasa m'madzi kwa ola lathunthu, uku ndi uku, kenako n'kuwaza m'munda madzulo. Mankhwalawa amangowatchula ndi nambala, 500. Palinso 501, wa mwala wa quartz woperapera, amene amawaza pamasamba. Podulira ndi pokolola, ambiri amatsata kalendala ya mwezi ndi nyenyezi.

Koma mayeso enieni a ulimiwu ali m'nyengo. Chigwa cha Loire n'chozizira ndipo chimalandira chinyontho chochokera kunyanja ya Atlantic. Mphesa zimapsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake vinyo wake amakhala ndi kowawasa kokoma kamene kamamusunga zaka zambiri. Chinyontho chomwecho chimabweretsa nkhungu ya pamasamba yomwe itha kuwononga zokolola m'masabata ochepa. Mlimi wamba amapopera mankhwala olowa mu mtengo n'kugona tulo. Wa biodynamic ali ndi sulufule, mkuwa ndi madzi a zitsamba basi, ndipo mvula ikagwa yambiri amatsukika, ndiye ayenera kubwereranso m'mizere.

Mkuwawo ndiye bala la ulimiwu. Suwola; umaunjikana m'nthaka ndipo ukachuluka umapha nyongolotsi zomwe alimiwa amanyadira. Kuchokera mu 2019, bungwe la European Union limalola makilogalamu 28 okha pa hekitala m'zaka 7. M'chaka chamvula ngati 2021, chimene chinayambanso ndi chisanu chowononga mu Epulo, malire amenewa amapanikiza mlimi zedi.

Nanga asayansi akuti chiyani? Ku Therwil m'dziko la Switzerland, kafukufuku wa DOK wakhala akuyerekeza njira za ulimi kuyambira 1978, ngakhale kuti ndi pa mbewu za m'munda monga tirigu ndi mbatatesi. Lipoti la mu 2002 linasonyeza kuti minda yosathiridwa feteleza wa m'fakitale inkakolola mocheperako ndi pafupifupi 20 peresenti, koma nthaka yake inali ndi nyongolotsi ndi tizamoyo tochuluka. Zoti nyanga kapena mwezi pazokha zimasintha kanthu, umboni wake ndi wofooka.

Ine ndikuona kuti mphamvu ya munda wa a Joly ili m'manyowa, m'ziweto ndi m'mapazi a mlimi amene sangakhale tsiku osayendera mipesa yake. Zimenezo n'zoona, n'zodula, ndipo n'zoyenera ulemu. Ntchitoyi tsopano akuitsogolera ndi mwana wawo wamkazi, Virginie Joly.