Makoko a mango amapita kuti, nanga jumbo imatsaliranji?

Mwezi wa Disembala mango amachuluka ku Malosa mpaka ena kumangogwa okha n'kuwolera pansi pa mtengo. Makoko amangoti mbwee pamsika, kuseri kwa makalasi ndi m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Koma pofika Epulo, kafunefuneni makoko aja, simuwapeza. Palibe amene anawasesa onse, ndipo galimoto yodzawatenga sinabwere. Jumbo imene inatayidwa tsiku limodzi ndi makokowo ndiye mudzaipeza ili pomwepo, yangotuwa ndi dzuwa. Kodi chimachitika n'chiyani?

Makoko aja amadyedwa, ana inu. Oyamba kufika mumawadziwa: nyerere, ntchentche ndi mphutsi zake, abongololo, nyongolotsi, ndipo pakakhala mapesi kapena timitengo touma chiswe sichichedwa. Koma ntchito yaikulu imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, pamodzi ndi nkhungu ija imamera pa mkute ukakhalitsa. M'dothi lodzaza supuni imodzi yokha mumakhala mabakiteriya mamiliyoni ambirimbiri. Amaphwanya khoko pang'onopang'ono, madzi ake n'kulowa pansi, china n'kuuluka ngati mpweya, ndipo chotsala ndi dothi lakuda lofewa limene mizu ya mbewu imayamwamo chakudya.

Jumbo siidyeka chifukwa cha mmene inapangidwira. Pulasitiki amachokera ku mafuta okumbidwa pansi, omwewo amene amatipatsa petulo ndi parafini. Kufakitale amalumikiza tinthu ting'onoting'ono ta m'mafutamo kukhala mizere italiitali yolimba, imene tizilombo ta m'dothi timalephera kuidula. Dzuwa limaiwumitsa jumbo mpaka kuyamba kuyoyoka, koma tizidutswa take tidakali pulasitiki ndithu, tangochepa msinkhu. Mukafuna kudzionera nokha, kumbani timaenje tiwiri nthawi ya mvula, kwina mukwirire khoko la nthochi, kwina jumbo, muzikepo timitengo. Pakatha mwezi mudzafukule.

Tsono funsani agogo anu za dzala la kale. Adzakuuzani kuti kudzala n'kumene kunkamera maungu onona, matimati ndi mapapaya osabzala munthu. Chifukwa chake n'chakuti zonse zotayidwa kumeneko zinali zowola: gaga, zitsononkho, makoko a mtedza, phulusa, lichero lakutha. Kumsika ankanyamula dengu, ndipo ndiwo ankakulungira m'masamba a nthochi. Dzala linkadzisamalira lokha. Ife tidakataya zinthu mofanana ndi agogo, koma zinthu zake zinasintha. Lero pakati pa makoko pali majumbo, timapepala ta mafilizesi, mabotolo ndi mabatire, ndiye dzala limangokula osasanduka dothi.

Mumzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko lino mpaka 1975, khonsolo ili ndi udindo wochotsa zinyalala, makamaka m'misika ndi m'misewu ikuluikulu. Ku Malosa, monga m'midzi yambiri, banja lililonse limadzionera lokha. Komatu ngakhale kumene galimoto imafika, imangosamutsa zinyalalazo. Za ku Blantyre zimakathiridwa ku Mzedi, kumene zimaunjikana chaka ndi chaka. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti zambiri mwa zinyalala za m'makomo athu ndi zowola, zoti zikanadyetsa dimba, koma zikasakanizika ndi pulasitiki ndi magalasi palibe mlimi angazifune.

Jumbo yotayidwa imayenda. Mphepo ikaiulutsa, mbuzi imaipeza, ndipo poti imanunkhira mchere kapena mafuta a chipisi, imaimeza. M'mimba simugayika. Mbuzi imaoneka yokhuta koma ikuwonda, mapeto ake kufa. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene ankagwira ntchito ndi alimi oweta mbuzi, ataona zimenezi anagwirizana ndi anzawo kumenyera lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala. Boma linali litakhazikitsa lamuloli mu 2015, loletsa pulasitiki yosafika mamayikiloni 60, kumene ndi kupyapyala kofanana ndi tsitsi limodzi la m'mutu. Makampani opanga mapulasitiki anakadandaula kukhoti, koma mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo likhalepo. Mu 2021 mayiwa analandira mphoto ya Goldman, imene imaperekedwa kwa anthu oteteza chilengedwe padziko lonse. Majumbo opyapyala sanatheretu m'misika, n'chifukwa chake dengu kapena chikwama chansalu mukatumidwa kokagula zinthu n'chofunikabe.

Jumbo imene yaphonyedwa ndi mbuzi imatengedwa ndi mvula. Imatseka ngalande, madzi n'kusefukira m'misewu ndi m'makomo. Ina imafika mumtsinje. Mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, wa Likangala umadutsa mumzinda wa Zomba, ndipo yonse iwiri imakathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi ake amachoka pouma ndi dzuwa basi, choncho chimene chalowa chosawola chimakhala momwemo, mmene mumachokera matemba, makumba ndi milamba imene timadyera nsima.

Ena amati, ndiye tingotentha. Ayi ndithu. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni wowononga mapapo, ndipo n'zoopsa kwambiri kuyatsira mbaula ndi jumbo m'khitchini momwe muli mwana wakhanda. Masamba ouma nawonso sayenera moto. Mukasesa pabwalo m'mamawa n'kuyatsa mulu wa masamba a mango, chakudya cha nthaka chimapita ndi utsi. M'chilimwe, udzu utauma, moto wotere ukhoza kuthawira kutchire mpaka kukafika m'nkhalango ya phiri la Malosa, kumene kumachokera madzi a m'mitsinje yathu.

Masamba amenewo malo ake ndi pa manyowa, ndipo ntchito imeneyi mwana wa Sitandade 4 angaithe. Pemphani kamalo ka pamthunzi kuseri kwa nyumba. Pansi yalani timitengo kapena mapesi kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani zouma, monga masamba ndi udzu, kenako zaziwisi, monga makoko, zotsalira za ndiwo zamasamba ndi udzu wongozulidwa kumene. Wazani ndowe za mbuzi kapena zitosi za nkhuku, kaphulusa pang'ono ndi dothi, muthire madzi, n'kuyambiranso momwemo mpaka mulu ukufikeni m'chiuno. Zouma zokhazokha zimachedwa kuwola, zaziwisi zokhazokha zimanunkha, n'chifukwa chake timasinthanitsa. Madzi akhale ongonyowetsa: mukafinya m'manja pasatuluke madzi ambiri. Nyama ndi mafupa musaikemo, zimaitana agalu ndi makoswe.

Pakati pa muluwo zikani ndodo yaitali. Pakapita masiku angapo izuleni, muigwire. Mudzadabwa kuti ikutentha, chonsecho palibe wasonkha moto. Kutenthako kumachokera kwa tizilombo tija tikamadya, ndipo mulu waukulu ungafike madigiri 60, kutentha kokwanira kupha njere zambiri za udzu. Ndodo ikazizira, tembenuzani mulu kuti zakunja zilowe mkati. Alimi ena amamata mulu wonse ndi matope, n'kusiya kabowo kopumira, ndipo amenewa ndiwo manyowa a chimato. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzapeza dothi lakuda lonunkhira ngati nthaka ya mvula yoyamba. Thirani pa mpiru kapena pa bonongwe, mzere wina musiye osathira, muyerekeze.

Zowola zikapita ku manyowa, zotsala zimachepa kwambiri, ndipo zambiri mwa izo zili ndi ntchito ina. Inuyo mumaposa akuluakulu pamenepa, chifukwa mpira wa chikulunga ndi galimoto zamawaya ndi zanu. Amisiri amasandutsa zitini kukhala koloboyi, malata akutha kukhala mbaula, matayala kukhala nsapato. Botolo lagalasi la zakumwa limabwezedwa kugolosale kuti likatsukidwe n'kuthiridwanso, ndipo zitsulo zakutha zili ndi ogula. Machubu a pulasitiki ndi abwino kufeseramo mbande za mitengo. Chitini kapena tayala lopanda ntchito musalisiye chagada pabwalo, chifukwa madzi akadikhamo udzudzu umaswana.

Pali zinthu zingapo zimene simuyenera kuzigwira nokha. Magalasi osweka, malezala, majakisoni ndi mabotolo a mankhwala a mbewu, kauzeni munthu wamkulu. Mabatire a tochi ndi a wailesi musawaswe, musawaponye pamoto, ndiponso asayandikire manyowa kapena chitsime, chifukwa mankhwala a mkati mwake akatayikira amalowa m'dothi ndi m'madzi. Pemphani makolo chitini chokhala ndi chivindikiro, choti muzisungamo mabatire akutha, chizikhala pamwamba pomwe ang'ono anu sangafikire.