Madzi a pa Doko Lanu Amachokera Kutali

Asodzi anzathu, m'chaka cha 2024 nyanja ya Malawi inadzaza mpaka kumiza mathandala, nyumba ndi malo okocheza mabwato ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Ambiri analoza chala zitseko za ku Liwonde. Koma kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja kumayambira kutali kuposa pamenepo, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a maiko angapo amachitira limodzi kafukufuku wa madziwa.

Madziwa amachokera kuti?

Nyanjayi yakhudza maiko atatu: Malawi, Tanzania ndi Mozambique. Mtsinje umene umathira madzi ambiri kuposa yonse ndi Ruhuhu, wa ku Tanzania. Wina ndi Songwe, umene uli m'malire a dziko lathu ndi Tanzania. Choncho mvula ikagwa yambiri m'mapiri a kumeneko, madzi amakwera pa doko la ku Malembo ngakhale kwathu kuno chimanga chikufota.

Potulukira napo n'pamodzi pokha: mtsinje wa Shire, umene umadutsa mu Malombe ndi kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Ofufuza anapeza kuti pa magawo 10 alionse a madzi ochoka m'nyanja, pafupifupi 8 amauma ndi dzuwa ndi mphepo. Otsalawo ndiwo amatuluka pa Shire. Zitseko za Kamuzu Barrage, zomangidwa mu 1965 ku Liwonde, zimangowongolera kagawo kochepako.

Tisaiwalenso kuti nyanja imaphwa. Kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi anatsika moti Shire analeka kutuluka m'nyanja. Nayo nyanja ya Chilwa, imene ili kumalire ndi Mozambique, inauma mu 1968 ndi 1995, asodzi nasowa pogwira.

Kafukufuku wochitira pamodzi

Dziko limodzi silingayeze lokha mvula ndi mitsinje ya mbali zonse. Nsomba nazonso sizidziwa malire. Poona zimenezi, kuyambira 1991 mpaka 1994 akatswiri a maiko atatuwa, mothandizidwa ndi Britain kudzera mu SADC, anakhala ku Senga Bay ndi kuyendera nyanja pa sitima yotchedwa Usipa. Anapeza kuti pakati pa nyanja pali ndunduma ndi ncheni zambiri zimene asodzi a mabwato sankazifikira.

Mu 1995 panayamba kafukufuku wina, ku Senga Bay komweko, woona za mitundu ya nsomba ndi ukhondo wa madzi. Iyeyu anaonetsa kuti mitsinje yochokera kumene mitengo inatha imabweretsa matope ambiri m'nyanja. Matopewo amakwirira miyala ndi mchenga pamene nsomba zimadyera ndi kuswanirana. Mpasa ndi sanjika, zimene zimakwera mitsinje ngati Bua, Linthipe ndi Songwe kukaikira mazira, ndizo zimayamba kuvutika.

Popeza Shire ndi mwana wa Zambezi, nkhaniyi imakhudza maiko 8: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Mu 2004 ku Kasane, m'dziko la Botswana, kunasainidwa pangano lokhazikitsa bungwe la ZAMCOM, limene likulu lake lili ku Harare. Ntchito yake imodzi ndi yoti maikowa azigawana zimene apeza poyeza mvula ndi mitsinje, kuti chenjezo la chilala kapena kusefukira kwa madzi lizifika msanga.

Nanga ife a BVC mbali yathu ndi iti?

Katswiri wa ku Harare sangadziwe zimene khoka lanu lakoka lero. Ziwerengero zimene maiko amagawana zimayambira pa doko ndi pa mtsinje. Tsono tiyeni tichite izi:

1. Wolemba nsomba akafika ndi sikelo, muuzeni zoona. Kubisa nsomba kumasokoneza chiwerengero, ndipo malamulo opangidwa pa chiwerengero cholakwika amapweteka inu nomwe.

2. Komiti ikhale ndi kope lolembamo pamene madzi afika mwezi ulionse. Sankhani mwala kapena mtengo umodzi woti muziyezerapo.

3. Tetezani mizati yoyezera madzi m'mitsinje ndi m'madoko. Ikabedwa, chenjezo limachedwa.

4. Mukaona nsomba zikufa zambiri kapena madzi asintha mtundu, dziwitsani mlangizi wa za usodzi tsiku lomwelo.

5. Musamange nyumba pamene madzi anafikapo kale. Akuluakulu a m'mudzi amakumbukira pamene anafika mu 1980, afunseni.

6. Gwirizanani ndi mafumu poletsa kulima m'mphepete mwa mitsinje, kuthira katupe ndi kutseka mitsinje pa nthawi imene mpasa zikukwera.

Kafukufuku saletsa nyanja kudzaza kapena kuphwa. Chimene amatipatsa ndi mpata wokonzekera: kusamutsa thandala madzi asanafike, ndi kusunga kangachepe chaka chimene nsomba zachuluka. Pa msonkhano wotsatira wa BVC, sankhani munthu wosunga kope lija, ndipo muitane mlangizi wanu akuthandizeni kuliyamba.