Elf Anatsika Pampando, Masewero Anakoma

Mutatenga elf wa mu 1974 n'kumukhazika pafupi ndi elf wa lero, simungavomere kuti ndi a mtundu umodzi. Wakaleyo anali kamunthu kotumbuluka ka makutu osongoka, kokhala m'nkhalango, uta paphewa, miyendo yomangidwa ndi malamulo. Waleroyu mumupeza akuliyatsa liwiro m'chipululu atasenza katundu wakuba, kapena akulowa mozemba m'makompyuta a kampani mumzinda wa Seattle, kapena akuchita upo wogwetsa boma usiku pakati. Zaka zopitirira 50 zamusintha moti amayi ake omubala akhoza kumudutsa pamsewu osamupatsa moni.

Zonsezi zachitikira patebulo. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira, aliyense ndi pepala, pensulo ndi madayisi. Mmodzi ndiye mwini nthano: amafotokoza phanga, mdani ndi chuma. Enawo aliyense amavala munthu mmodzi wa m'nthanoyo n'kumanena zimene akuchita, ndipo dayisi ya mbali 20 ndiyo imagamula ngati zatheka. Kholo la masewero onse otere ndi Dungeons & Dragons, imene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974 ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America. Tinali timabuku titatu m'kabokosi, pamtengo wa madola 10, ndipo elf wathu anali momwemo.

Koma moyo wake, abale! M'timabukuto elf ankaloledwa kukhala wankhondo kapena wamatsenga, ndipo ankatha kusintha pakati pa ulendo wina ndi wina, koma osati ulendo uli mkati. Pa zankhondo ankathera pa levulo 4, pa zamatsenga pa levulo 8. Munthu wamba analibe denga, ankangokwera. Gygax sanabise chifukwa chake: ankafuna dziko lolamulidwa ndi anthu, ndipo ankadziwa kuti cholengedwa chokhala zaka zopitirira 1,000 chikasiyidwa kuti chiziphunzira mopanda malire, mafumu onse adzakhala a makutu osongoka.

Tiyeni tisuzumire patebulo lina la mu 1981, chaka chimene buku la oyamba kumene lokonzedwa ndi Tom Moldvay linatuluka. Pamzere wofunsa ntchito, mnyamata walemba kuti "Elf". Kukhala elf inali ntchito payokha, monga kukhala mbala kapena wansembe. Ali ndi lupanga, tsenga limodzi lokha pa tsiku, ndi diso lopeza zitseko zobisika dayisi ikagwa pa 1 kapena 2. Gulu latuluka m'phanga, lagawana golide, ndipo ndalama iliyonse ya golide ndi pointi imodzi. Mbala ikufunika mapointi 1,200 kuti ikwere levulo, ndipo ikukwera ikuimba mluzu. Wankhondo akufunika 2,000. Elf akufunika 4,000. Anzake akufufuta manambala akale n'kulemba atsopano, iye wangogwira pensulo, kuyang'ana kudenga. Mu Advanced Dungeons & Dragons ya mu 1978 munalinso chipongwe china: tsenga la wansembe loukitsa akufa linkagwira pa munthu, pa dwarf, ngakhale pa mwana wa elf ndi munthu, koma osati pa elf weniweni. Njira ina inali yomubadwitsanso m'thupi latsopano, ndipo dayisi ikafuna ankatha kubwerera ali nguluwe kapena kadzidzi.

Maonekedwe ndi ulemu wake zinali zobwereka kwa J. R. R. Tolkien, mlembi wa The Hobbit (1937) ndi The Lord of the Rings (1954 mpaka 1955). Mu 1977 eni ufulu wa nkhani za Tolkien anaopseza ndi milandu kampani ya TSR, imene inkasindikiza masewerowa, ndipo hobbit anasanduka halfling, ent anasanduka treant. Elf anapulumuka chifukwa sanali wa Tolkien yekha: anthu a ku Scandinavia ndi ku England anali kumusimba m'nthano zawo kuyambira kalekale. Komabe amene anakhala patebulo anali wa Tolkien uja, wanzeru, wokongola, wodandaula kuti dziko likutha, kungoti anamufupikitsa mpaka mita imodzi ndi theka.

Osewera anamukonda choncho, ndipo chikondicho chinamuwononga. Mabuku anayamba kumuwonjezera mitundu ndi mphatso: wa m'nkhalango, wa m'nyanja, wotuwa, wakutchire. Zinafika pachimake mu 1992 ndi The Complete Book of Elves lolembedwa ndi Colin McComb, buku lathunthu lotamanda elf pa chilichonse, kuyambira nyimbo mpaka lupanga. Elf anayamba kulowa m'nthano ngati mkamwini wa m'tauni amene akafika kumudzi amayamba wapukuta mpando asanakhale. Ena anali atatopa naye kale. Masewero a Talislanta, amene anatuluka mu 1987, ankadzitsatsa m'magazini ndi lonjezo limodzi lalikulu: muno mulibe ma elf. McComb mwiniwakeyo anadzajambula kanema wopepesa mwanthabwala mu 2013 chifukwa cha buku lake lija.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Olemba masewero anayamba kumukoka elf pampando, ndipo apa m'pamene zinthu zinakoma.

Mu Shadowrun ya kampani ya FASA (1989), nthano ili m'chaka cha 2050. Matsenga abwerera padziko, ndipo kuyambira 2011 azimayi wamba anayamba kubereka ana a makutu osongoka. Elf wa kumeneko ali ndi lendi yoti alipire, mfuti m'chovala ndi bwana wosadziwika dzina amene amamutuma kukaba zinsinsi za makampani. Mu Dark Sun (1991), Timothy Brown ndi Troy Denning anawotcha nkhalango yonse n'kumuponya m'chipululu cha Athas. Kumeneko anatalika kufika mamita awiri ndi kuposa, n'kukhala wothamanga masiku angapo osatopa, wamalonda wachinyengo woti mukagula naye kanthu muwerengenso zala zanu. Kukwera nyama amakuyesa manyazi, mwamuna ndi miyendo yake. Ku Glorantha, dziko la Greg Stafford limene muli masewero a RuneQuest, anachita zoposa apo: elf wa kumeneko ndi chomera choyenda, ndipo wogwetsa mtengo wapha m'bale wake. Mu Eberron ya Keith Baker (2004), ma elf a pachilumba cha Aerenal salola makolo awo otchuka kupita. Amawasunga ali akufa koma akuyankhula, ndipo akuluakulu oumawo ndi amene amaongolera dziko.

Koma amene anasintha kwenikweni ndi drow. Anangotchulidwa pang'ono mu Monster Manual ya 1977, n'kudzaonekera bwino mu 1978 m'maulendo amene Gygax analemba, monga Vault of the Drow. Anali elf wa khungu lakuda ndi tsitsi loyera, wokhala pansi pa nthaka, wopembedza Lolth, mulungu wamkazi wa akangaude. Ntchito yake inali imodzi: kuphedwa ndi osewera. Owerenga ambiri anaona msanga chimene chinali kununkha apa, kuti elf woyera ndiye wabwino ndipo wakuda ndiye woipa chibadwire.

Buku la Unearthed Arcana (1985) linalola osewera kuvala drow. Kenako mu 1988 R. A. Salvatore anatulutsa nthano ya The Crystal Shard, mmene anaikamo drow wina dzina lake Drizzt Do'Urden kuti azingoperekeza ngwazi ya bukulo. Woperekezayo analanda ukwati. Drizzt, wothawa mzinda wa Menzoberranzan, wa malupanga awiri ndi nyalugwe wakuda pambali, anakhala mmodzi mwa anthu otchuka kwambiri m'mbiri ya masewerowa. Kwa zaka zambiri eni nthano ankausa moyo akaona wosewera winanso akubwera ndi drow wamtima wabwino wokana za kwawo, ndithu ndi malupanga awiri. Opandukawo anachuluka patebulo mpaka munthu n'kumadabwa kuti kodi pansi paja patsala ndani.

Mu 2018 Grant Howitt ndi Chris Taylor a ku Britain anatembenuza mphika wonse ndi masewero a Spire. Mumzinda wawo wotalika kukafika m'mitambo, ma elf apamwamba aja, ovala zophimba kumaso, ndiwo atsamunda, ndipo ma drow ndiwo eni nthaka ogwira thangata. Osewera onse ndi ma drow a m'gulu lachinsinsi lofuna kugwetsa ulamulirowo. Elf wokongola uja tsopano ndiye mdani. Mu Pathfinder ya kampani ya Paizo, buku la The Mwangi Expanse (2021) linafotokoza mwatsatanetsatane za a Ekujae, ma elf akuda a m'nkhalango amene anagonjetsa Dahak, mulungu wachinjoka, ndipo amalondera dziko kuti asabwerenso. Ndi akuda, ndi ngwazi, ndipo palibe amene akuwapepesera.

Malamulo nawo anamasuka. Kampani ya Wizards of the Coast, imene inagula TSR mu 1997, inachotsa denga la malevulo mu kope lachitatu la 2000, ndipo elf analoledwa ntchito iliyonse. Mu June 2020 kampaniyo inavomereza poyera kuti momwe inkajambulira ma drow ndi ma orc zinkafanana mopweteka ndi momwe mitundu ina ya anthu enieni yakhala ikunyozedwera. Buku la Tasha's Cauldron of Everything la chaka chomwecho linalola wosewera kusuntha manambala a mphamvu ndi nzeru momwe akufunira, ndipo mu Player's Handbook ya 2024 manambalawo amachokera ku moyo umene munthuyo anakulira, kaya wausilikali, waulimi kapena wapanyanja, osati ku magazi. Drow tsopano ali pamndandanda umodzi ndi elf wa m'nkhalango ndi wapamwamba, popanda chizindikiro choti ndi woipa. Chimene elf wasunga ndi makutu, maso oona mumdima, moyo wa zaka pafupifupi 750, ndi mwambo wake wosagona: amangosinkhasinkha maola anayi, basi wapuma.

Ndiye suzumirani patebulo la masiku ano. Mwini nthano akufunsa mtsikana wina kuti elf wake ndi wotani. Iye akuti ndi drow wamkazi, wonenepa, wa zaka 340, amene anagwirapo ntchito yophika m'sitima ya pamadzi. Uta saudziwa, amamenya ndi chiwaya. Nyimbo akaimba agalu amalira. Nanga walowa m'gulu la osaka chuma chifukwa chiyani? Ngongole. Anakongola ndalama zotsegulira malo odyera zaka 200 zapitazo, malowo anapsa sabata yoyamba, ndipo chiwongoladzanja chakhala chikuswana kuyambira tsiku limenelo.

Tebulo lonse lafa ndi phwete. Mwini nthano akulemba kanthu kuseri kwa chikatoni chake, akumwetulira moipa. Wina akumutonthoza mtsikanayo kuti asadandaule, wokongozayo anamwalira kalekale. Mwini nthano akupukusa mutu: wakatapilayo nayenso ndi elf, ali ndi zaka 400 zokha, ndipo wangotsika kumene padoko ndi buku lake la ngongole kukhwapa. "Ponyani dayisi, mayi. Tione ngati wakuonani."